Firiji ya Kuchipinda

Lolemba
Firiji yafika! Yaikulu, yotsegula pamwamba. Ndalama zonse zimene anandipatsa pondichotsa ntchito ku fakitale ya ku Southerton zathera m'menemu. Pulani yanga: nkhuku zoduladula, kenako tebulo pamsewu, kenako shopu, kenako anthu onse a mu lokeshoni yathu ya Rugare azinditchula kuti bwana. Ndailowetsa itafunda bulangete, anyamata a ngolo ndawauza kuti ndi wodiropu. Nsanje ya mumzere uno ndimaidziwa ine.

Lachiwiri
Nkhuku zalowa. Firiji ili kuchipinda, bedi takankhira kukhoma. Wogula palibe. Mkazi wanga akuti, "Agula bwanji zinthu zimene mwabisa?" Funso limeneli silinandisangalatse. Akufuna ndilengeze kuti abale ake amve?

Lachitatu
Mayi Phiri a nyumba yogundana ndi yathu andipatsa moni kawiri. Kawiri! Akuti, "Achimwene, khoma lathuli likulira ngati njuchi." Ndati ndi mkonono wanga. Masanasana. Amene ndikuwakayikira kuti aulula:
anyamata a ngolo aja,
mkazi wanga,
Tendai mwana wanga, amene amathamangitsa dala Chishona kuti ndisamve.

Lachinayi
Sekuru Banda atisiya, agogo aja a ku Dedza anapuma ntchito ku njanji. Mzimu wawo uuse mumtendere. Koma bwanji sabata ino? A bungwe lathu la maliro agula nyama ya ng'ombe, ndipo kunja kukutentha. Tcheyamani ali pakhomo, chipewa m'manja: "Bambo, tamva kuti Mulungu wakudalitsani." Amva kwa ndani? Mtima ukuwawa, koma za maliro sitikana. Bambo anga anaikidwa ndi anthu omwewa. Theka la nkhuku latuluka kuti ng'ombe ilowe.

Lachisanu
Thupi likudikira mwana wawo wa ku Joni. Nkhuku zotulutsidwa zija zasungunuka, azimayi akuti zisawonongeke, aphikira olira. Nanenso andigawira ntchafu. Yanga yomwe! Ndathokoza ndi manja awiri. Anthu akulowa kuchipinda kwanga osagogoda, wina wakhala pabedi n'kunena kuti matiresi atha.

Loweruka
Taika maliro. Tcheyamani wandiyamika pamaso pa onse, wafotokoza mpaka kukula kwa firijiyo ndi manja. Sindikhulupirira kuti anachita mwangozi. Pobwera kumanda ndapeza mzere pakhomo. Zalowamo lero:
chiwindi cha Mayi Phiri,
mankhwala a shuga a mayi amasiye,
masoseji a munthu amene sindimudziwa,
keke ya ukwati wa mwezi wamawa.
Wolipira palibe. Mayuniti a magetsi akutha ndikuona. Nkhuku zotsala zaperekeza alendo a ku Joni.

Lamulungu
Kutchalitchi andikhazika kutsogolo. Aliyense akuti bwana, bwana. Dzina lafika, shopu ndiye yaphonya njira. Ndamufunsa mkazi wanga kuti anene chilungamo, anaulula ndani. Akuti palibe. Akuti Lolemba lija wodiropu yanga inkakoka chingwe cha magetsi mumsewu wonse, anthu akuonerera.

Ndatopa, ludzu landigwira. Ndimafuna kuika botolo limodzi la madzi mufiriji. Mayi Phiri, amene tsopano akuyang'anira za malo, atsegula, ayang'ana, akuti mwina Lachitatu. Ndawathokoza.