Pepala la Rozita Lomwe Ndinabereka

Nkhani iyi ndi yamanyazi, koma bola ndiifotokoze ndekha, chifukwa mlamu wanga Rozita akamainena pagulu amathira mchere wambiri.

Nthawi ya nkhondo, kumudzi kwathu kufupi ndi Ntengo-Wambalame, pepala linali mlandu. Amfuti akakupeza ndi buku ankati ndiwe wa boma, bukulo n'kuliwotcha iwe ukuona. Ndiye azimayife tinali ndi kachitidwe kathu. Ukangomva phokoso lachilendo, chilichonse cholembedwa upinde, uike kumsana, mwana pamwamba. Ndani angamasule mwana wa mwini? Mabuku atatu a Rozita anali olemera, amenewo ndinawakwirira mumzere wa kachewere, ali mumphika.

Titathawira ku vila, tauni ya Tsangano, Rozita anayambiranso sukulu. Aphunzitsi ake, a Pulofesolo, anauza ophunzira kuti ajambule zithunzi zazikulu zopachika pakhoma, eni ake amati kartazi, zonena za mabuku oletsedwa ndi owotchedwa. Aliyense anapatsidwa pepala limodzi lokha. Rozita anakhala nalo masabata awiri, utoto wake makala, katondo ndi masamba a nyemba osinja. Sankalola munthu kusuzumira.

M'mawa wa tsiku lopachika analiyala pamphasa kuseri kwa nyumba kuti liume, iye n'kupita kumjigo.

Ndinangomva gudududu!

Manja anagwira ntchito mutu usanafunsidwe. Pinda, pinda pepala lija, kumsana, mwana wanga Zeka pamwamba, nsalu ya kapulana n'kumanga zolimba. Liwiro m'chimanga! Ndinagona chafufumimba mpaka phokoso litatha.

Inali kamiyau, galimoto ya chipatala yobweretsa mankhwala.

Pobwerera, mnansi wathu anandiuza kuti Rozita wapita kusukulu akulira, akuti wina waba pepala lake. Ndinati ndithamange ndikam'patse mwakachetechete, nkhani ithere pomwepo.

Koma nditafika pabwalo la sukulu miyendo inaima yokha. Khoma lonse linali mapepala. Apa buku lomangidwa unyolo. Apa buku lili pamoto, koma utsi wake ukusanduka mbalame. Apa mtsikana womangidwa nsalu kumaso, chala chake chikuyendabe pamzere wa zilembo. Ine zaka zonsezo kubisa mapepala ngati mfiti, ana awa akuwapachika dzuwa likuswa mtengo, mayina awo ali pansi! Ndinaiwala chomwe ndinadzera.

Pakati pa khoma panali malo opanda kanthu, misomali inayi yokha. A Pulofesolo anaima pamenepo, makolo titawazungulira.

“Amene watenga kartazi ya Rozita sasiyana ndi owotcha mabuku!”

“Zoona!” anthu anavomera.

“Ameneyo ndi mdani wa kuwerenga!”

“Mdani!” ndinakuwa nawo ine, mokweza kuposa onse.

Rozita anandiyandikira, maso ali ofiira.

“Alamu, simunaone munthu kuseri kwa nyumba?”

“Ine? Ayi. Ndinali m'chimanga.”

“M'chimanga kukatani?”

“Kukaona chimangacho.”

Pomwepo kumsana kunafunda. Zeka anali atachita zake. Mkodzo unakumana ndi katondo, n'kuyamba kutsetsereka pakapulana mpaka kuchidendene.

“Mayo! Magazi!” anakuwa mayi wina kumbuyo kwanga. “Mwana akutuluka magazi!”

Namwino wa pachipatala, yemwe mwana wake anajambula nawo, anadumpha benchi.

“Masulani mwanayo msanga!”

“Si kanthu, Senyora, amatero.”

“Amatero? Kuyambira liti?”

“Ndi za kumtundu kwa bambo ake.”

“Alamu!” anatero Rozita. “Mtundu wathu uti?”

Azimayi anayi anandigwira ngati nkhumba yokana kulowa m'khola. Kapulana anamasula. Zeka anatuluka akuseka, matako ali psuu, ntchafu zobiriwira ngati ndiwo. Pepala linagwa pansi, phwa!



Rozita analitola, n'kulitambasula pang'onopang'ono. Ndinafuna kuyang'ana kumbali, koma maso anakana. Panali mayi wa duku lamawangamawanga, mwana kumsana, khasu m'manja, akukwirira mphika mumzere wa kachewere. Pamwamba pa mzerewo panali pataphuka chitsamba chobereka mabuku, ana akuthyola. Dukulo ndinalidziwa. Mpata wa mano unali wanga. Ngakhale chigamba cha pabulauzi anachiika pamalo pake! Chibadwire sindinadzionepo papepala, ndipo sindinkadziwa kuti makala angatulutse munthu wamoyo chonchi.

“Pansipo palembedwa chiyani?” ndinafunsa monong'ona.

Rozita anayankha misozi ndi phwete zikutulukira pamodzi: “Palembedwa kuti, sadziwa kuwerenga koma anatisungira.”

A Pulofesolo anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine, anayang'ananso banga lonyowa lomwe linatsika ndendende pamzere wa kachewere.

“Pachikani momwemo,” anatero. “Mbewu yalandira mvula.” Kenako anatembenukira kwa makolo. “Mdani uja tam'peza. Amene sanamuone bwino, nkhope yake ikhala pakhomapa mwezi wathunthu.”

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Mwezi wonsewo pamsika ankandipatsa moni kuti, “Mwadzuka bwanji, a Mdani?”

Kuyambira tsiku limenelo, pamsonkhano sindikuwa nawo ndisanayambe ndadzigwira kumsana.