Masokosi Atsopano a Bambo a Tadala

Lolemba

Bambo a Tadala agula masokosi atsopano. Okha! Popanda wowauza!

Munthu ameneyu ndakhala naye pabanja kuchokera ku Zomba mpaka kuno ku Shawlands ku Scotland, ndipo sanagulepo sokosi ndi dzanja lake. Amavala mpaka chala chachikulu chizisuzumira panja, ine n'kumataya mobisa. Lero ndikutsegula diloo, ndikupeza mapeya a masokosi akuda, osalala, ena akadali m'pepala lake. Dalaivala wa basi amavulira nsapato ndani? Okwera basi saona mapazi a dalaivala.

Zina zomwe ndikuona, poti sindine mwana:
- chakudya chomwe ndimawasiyira mufuriji ndikuchipeza momwe ndinachisiyira
- koma mimba ikukula
- akumaimba kanyimbo kapakhosi, ndipo si ka kutchalitchi kwathu
- manja afewa

Mwamuna akasiya kudya pakhomo, tanthauzo lake ngakhale kamwana kakudziwa. Akudya kwina.

Ine ndimalawirira kuchipatala ku Govan, ndimabwera miyendo itatupa. Iwo amaweruka masana. Mwana wathu Tadala ali ku yunivesite ku Dundee. Ndiye kuti masana onse bambo alibe wowayang'anira.

Pulani: sindikalipa, sindifunsa. Ndisonkhanitsa umboni mwakachetechete, Loweruka ndiwagwira, Lamulungu ndiimbira amalume ku Zomba, omwe ndi ankhoswe anga, nkhani ili kale m'manja. Osauza munthu aliyense. Aliyense!

Lachiwiri

Ndawaphikira nkhuku, yolimba ija yofanana ndi yakumudzi, yomwe ndimaitsata mpaka ku Victoria Road. Ndikufuna ndione ngati mkaziyo akundiposadi.

Adya phiko limodzi. Kenako akundifunsa, nkhope ili gwa: "Mayi, kodi mphodza simuphika?"

Mphodza! Munthu amene ankati ndiwo zopanda fupa ndi chilango!

Ali kubafa, ndapisa m'thumba la jekete. Si kuti ndimafuna, jeketeyo inapachikidwa mokhota. Ndapeza kampango ka mtundu wa lalanje, kopindidwa bwinobwino. Ndakanunkhiza: anyezi, adyo, jinja ndi zina zomwe m'khitchini mwanga mulibe. Ndiye kuti mkaziyo ngwophika, ndipo amawapatsa mpango wake wakumutu kuti aziyenda nawo pamtima. Ine ndinawapatsa mwana, sanayendepo ndi chinthu changa m'thumba.

Mtima ukupweteka, ndisaname. Ndakabwezera momwe ndinakapezera, kapindidwe komweko.

Ndauza Mayi Phiri okha, anzanga a kutchalitchi. Amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Pollokshields, maso awo ndi akuthwa. Alonjeza kuti satsegula pakamwa.

Lachitatu

Pa buleki ndikupeza uthenga wa mawu wa Mayi Phiri. Ndaumvera m'chimbudzi cha pawodi.

"Mayi a Tadala, khalani pansi kaye. Ndawaona ndi maso angawa. Asenza thumba la ufa paphewa, lalikulu, akutsatira mzimayi wovala mpango. Nkhope sindinaione, koma ndi wamfupi, ndipo akuwalozera njira ndi chala."

Thumba la ufa! Paphewa!

Ife timakhala pamwamba penipeni, nyumba zakale zino zopanda lifiti. Ndikabwera ndi matumba a kushopu, bambo amagwira msana, amati dokotala anawaletsa zolemera. Ndimakwera masitepe ndekha, zala zitachita dzanzi. Lero msana wapola chifukwa cha chala cha mkazi wamfupi.

Tsiku lonse ndayeza odwala magazi mutu uli kwina. Agogo ena a pabedi lapakona andifunsa ngati ndili bwino. Wodwala kufunsa namwino!

Ndatumiza uthenga kwa amalume. Si kudandaula ayi, kungowachenjeza kuti foni ikhale ndi moto Lamulungu. Ndawauza kuti asauze amayi.

Madzulo bambo akuyamba: "Mayi, pali nkhani ina..." Ndatseka maso pasofa ngati ndagona. Sindikufuna bodza lisanafike nthawi yake. Kenako ndagonadi.

Lachinayi

Ndasinthana shifiti ndi mnzanga kuti ndiwatsatire.

Zida:
- jekete ya Tadala ya chipewa
- magalasi akuda, ngakhale dzuwa tinaliona komaliza sabata yatha
- ambulera

Ndabisala kuseri kwa siteji pafupi ndi depoti. Atuluka, akwera basi yosanjikiza ya mnzawo, apita pamwamba. Ine pambuyo, mutu pansi, khadi m'manja.

Dalaivala, bambo wa ndevu zambiri ndi nduwira yabuluu, akundiyang'anitsitsa. Kenako akufuula mu Chingerezi basi yonse kumva: "Mayi Banda! Ndinu ndithu! Chithunzi chanu chili pa foni ya amuna anu, tonse timakudziwani! Ali pamwamba, ndiwaitane?"

Ndatsika pa siteji yotsatira ngati wakuba. Mvula. Mphepo yatembenuza ambulera, yasanduka mbale. Ndabwerera wapansi, madzi mpaka m'kati mwa nsapato, umboni palibe.

Koma taonani ukathyali wake. Chithunzi changa akuonetsa anzawo kuti azindizindikira ndikamabwera. Ali ndi alonda mzinda wonse!

Madzulo akulowa akumwetulira. "A Singh akuti anakuonani. Bwanji simunakwere pamwamba?" Ndati ndimapita kogula ambulera. Iwo: "Loweruka muli pa ofu eti? Pali komwe ndikufuna tipite limodzi. Pali mayi ena akufunitsitsa kukuonani."

Manyazi alibe! Akufuna akandionetse kwa mkazi mnzanga. Mitala ku Scotland!

Ndati, "Chabwino, bambo." Mawu osalala ngati masokosi awowo.

Lachisanu

Chinsinsi changa chafika apa:
- amalume auza amayi
- amayi ayamba kusala kudya
- alamu anga ku Balaka andilembera kuti mchimwene wawo sangachite zimenezo, ndipo ngati wachita ndiye kuti ine ndimachulutsa ntchito
- amayi a kutchalitchi akundipempherera mosinthana, Mayi Phiri ndi omwe akugawa nthawi

Tadala waimba. "Mum, yer aff yer heid." Akuti mutu wanga sukuyenda. Akuti adadi ake sangakwanitse chibwenzi, munthu woiwala ngakhale nambala yake ya foni. Ndamuuza kuti alankhule Chichewa akamanyoza mayi ake.

Mawu a alamu aja andikhala pamtima. Ndimachulutsa ntchito, inde. Nanga lendi ya kuno imalipidwa ndi mapemphero? Koma ndayesa kukumbukira tsiku lomwe tinadya limodzi patebulo, kupatula nkhuku ya Lachiwiri ija, ndipo sindikulipeza. Ndikuopa. Ukwati umenewu ndaunyamula kuwoloka nawo nyanja, sindikufuna kukautula kwa mkazi wamfupi wophika mphodza.

Ndasita chitenje chabwino chija. Mawa andione kuti pakhomo pano pali mayi. Ndivala mabuti, kukuzizira.

Loweruka

Bambo avala masokosi atsopano. Ndaona.

Tatsika basi, tayenda pang'ono, taima pa chinyumba chachikulu, kutsogolo kuli mlongoti wautali wokutidwa ndi nsalu ya mtundu wa lalanje. Ndikuganiza: mkaziyu ndi wolemera. Anthu akulowa ndi kutuluka, amuna a nduwira, amayi a zovala zowala, ana akuthamanga. Bambo akuti ndi gurdwara, nyumba yopemphereramo Asikhi. Akuti mawa ndi Vaisakhi, chikondwerero chawo chachikulu, cha zokolola komanso chokumbukira tsiku lomwe gulu lawo la odzipereka linakhazikitsidwa.

Pakhomo aliyense akuvula nsapato. Aliyense! Mashelufu odzaza. Bambo avula mwaulemerero. Ine ndavula mabuti, ndipo chala changa chachikulu chatulukira pa sokosi yakuntchito, chikupereka moni kwa anthu.

Pambali pali dengu. M'dengumo muli timipango ta mtundu wa lalanje, tambirimbiri, kuti wolowa aphimbe mutu. Bambo atulutsa kawo m'thumba, amanga mwaluso. Ndaima ngati mtengo. Kampango komwe ndinakanunkhiza ngati galu wapolisi kali ndi abale ake dengu lonse.

Atilowetsa m'holo yodyera. Anthu akhala pansi m'mizere, pamikeka yaitali. Amati langar: aliyense amadya, waulere, kaya ndiwe wa mpingo uti, kaya ulibe mpingo. Ndikufunafuna kabokosi kolipirira, palibe. Ndikudikira kuti wina abwere ndi fomu yolowera chipembedzo, sakubwera. Kumanzere kwanga kwakhala bambo wachizungu wooneka kuti wagona panja. Kumanja kwanga dokotala wa mafupa wa kuchipatala kwathu, amene pawodi sitimuyang'ana m'maso, wapinda miyendo pansi, akulandira chapati ndi manja awiri. Akuti pano palibe mpando wa bwana, ndi chifukwa chake onse amakhala pansi.

Ndikucheuka, bambo asowa. Ehe, ndimadziwa ine! Ndanyamuka, ndatsata fungo la anyezi mpaka kukhitchini.

Ndawagwira.

Apinda malaya mpaka m'zigongono, aweramira m'chimphika chachikulu choti mwana angasambiremo, akukwecha. Akuimba kanyimbo kaja. Pambali pawo mkazi wamfupi wovala mpango, chala chili m'mwamba. Watembenuka: nkhalamba ya imvi, yoposa amayi anga, ndodo m'dzanja. Onse akuitchula kuti Bibi. Ndi amayi awo a Singh, dalaivala uja.

Bibi andigwira dzanja, andiyang'ana kuchokera kumutu mpaka pachala chija. "Ndiwe mkazi wake? Uyu atabwera sankadziwa kugwira siponji. Ndamuphunzitsa ine. Pansi pa mphika amaiwalabe." Akuti ntchito imeneyi amati seva, kutumikira popanda malipiro, ndipo olemera ndi osauka amalimbirana.

Kenako atsitsa mawu. "Mwana wanga anamubweretsa chifukwa anamva kuti kunyumba amadya yekha, choimirira, pafupi ndi furiji. Munthu sadya choncho. Iwenso umadya choncho kuntchito, ndikuona nkhope. Khala pansi."

Ndakhala. Mawu onse omwe ndinasita limodzi ndi chitenje athawa. Bambo abwera ndi ndowa ya mphodza, andithirira m'mbale, maso pansi. "Ndimafuna kukuuzani, mayi. Koma mumafika mutatopa, komanso ndimaopa kuti muziti ndasiya tchalitchi." Misozi yandilengeza, ndanamizira tsabola.

Mphodzazo n'zokoma. Zandipweteka kwambiri kuti n'zokoma. Ndawonjezera.

Lamulungu

Kutchalitchi amayi andikumbatira mmodzimmodzi ngati namfedwa. Mayi Phiri akunong'ona: "Mwamuona mfitiyo?" Ndati ndamuona, ali ndi ndodo, ndipo wandipatsa mpunga wamkaka woti ndipite nawo kunyumba. Akhumudwa. Anali atakonza kale nyimbo.

Potuluka tapeza msewu watsekedwa. Ng'oma, mbendera, anthu akusesa msewu patsogolo, amuna asanu ovala zamtundu wa lalanje akuyenda opanda nsapato pa phula lozizira, malupanga m'manja. M'mbali akugawa tiyi ndi samusa kwa aliyense. Mayi Phiri akana koyamba, kenako aika ziwiri m'chikwama.

Masana amalume aimba, amayi ali pambali, njala ya kusala kudya ikumveka m'mawu. Ndafotokoza zonse: palibe mkazi, ndi nyumba yopemphereramo, bambo amakadyako ndi anzawo, amatsukako miphika.

Amalume akuti ndibwereze.

"Wati akutsuka chiyani?"

"Miphika, amalume."

"Mwana wanga, ndiye zafika poipa kuposa momwe timaganizira. Mwamuna kutsuka mphika wa eni? Amudyetsa kondaine ameneyo!"

Amayi akuti apitiriza kusala. Ndasiya kufotokoza. Ku Zomba nkhaniyi sidzatha, ndipo woiyambitsa ndine.

Ndapempha kuntchito kuti Lachitatu ndiziweruka masana, ndizipita nawo bambo ku gurdwara. Bibi akuti adzandiphunzitsa kuphika chapati, ndibwere ndi masokosi abwino.

Madzulo tadya limodzi, patebulo, titakhala. Nkhuku ya Lachiwiri ija, yotenthetsa. Adya mpaka mafupa. Titatha ndaunjika mbale musinki, ndapachika kampango kawo pampopi kuti mwina mphamvu ili m'menemo.

Akuona. Akuseka. "Mayi, kujatu timatsukira Mulungu."

Ndati, "Nanga ine zaka zonsezi ndimatsukira ndani?"

Adzuka. Amanga kampango kumutu, apinda malaya, atsegula mpopi. Ndakhala pasofa, mtima ukugunda ngati tsiku la chinkhoswe, ndikumvetsera madzi.

Atsuka kapu imodzi. Yawo.

Pansi pake aiwala.