Ndinatsuka Umboni wa Ndege

Ndinakula ndikuuzidwa kuti ukhondo sulakwa. Lero ndikukuuzani kuti umalakwa, ndipo wanga unalakwira mayiko atatu tsiku limodzi.

Kandege kena kanagwa m'dambo la kuseri kwa nyumba yathu ku Nkhudzi, momwe ndimalima mpunga. Kanali kakang'ono, konyamula alendo, kochokera ku Mozambique. Mulungu ndi wamkulu, palibe anamwalira, koma woyendetsa, mnyamata ndithu, anathyoka mwendo. Pomunyamula ankangobwereza kuti, "Mbalame, mbalame." Ife tinkati mutu wasokonezeka.

Akuluakulu anazinga malowo ndi chingwe chachikasu, n'kupempha mlamu wanga Che Saidi kuti azilondera. Iyeyo ndi amene anandiuza kuti Loweruka kukubwera alendo a mayiko akunja kudzaona ndegeyo.

Alendo akunja, m'munda mwanga! Ndinapita kukasuzumira. Mayi ine! Zitsulo zili mbwee, magalasi osweka paliponse, matayala atakumba ngalande ziwiri zazitali ngati padutsa thirakitala. Ine amene ndimakalipira ana akataya khoko la nthochi pabwalo, azungu adzati chiyani?

Lachisanu masana, Che Saidi atapita ku mzikiti kukaswali, ndinaitana amayi anzanga ogulitsa nawo usipa. (Chingwe chija ndinkati n'chotchingira mbuzi. Poti ife si mbuzi, tinawerama n'kudutsa.)

Tinayamba n'kusesa. Kenako tinatola zitsulo zonse n'kuziunjika bwinobwino, zazikulu pazokha, zazing'ono pazokha. Ngalande zija tinakwirira ndi makasu, n'kupondaponda kuti pasalale. Tikanalekera pomwepo mwina zikanakhalako bwino, koma maso anga anagwera pamphuno pa ndegeyo. Panali magazi ouma, nthenga zitamatirira mpaka m'timabowo. Ndinatuma mwana kukatenga sopo, ndowa ndi chinkhupule. Tinakwecha tikuimba, mpaka kandege kanawala ngati mbale ya pa chikwati. Nthenga ndi zinyalala zonse tinakataya kudzenje la kuseri kwa khitchini.

Che Saidi atabwerako anagwira m'mutu, kofia n'kugwa.

"Subhanallah! Alamu!"

"Musathokoze," ndinatero ine. "Pachibale pathu."

Loweruka ndinalawirira kupha tambala wa alendo, nthenga zake n'kuponya kudzenje komweko. Ndinavala chitenje chatsopano ndi mpango wake, n'kukaima pafupi ndi mulu wa zitsulo uja.

Anafika atatu. Wotsogolera anali mayi wa kwathu konkuno, wochokera ku Lilongwe. Wina anali bambo wa ku Mozambique, kumene ndegeyo inalembetsedwa, ndipo wachitatu anali mzungu wamtali wa kudziko kumene inapangidwa. Onse anayang'ana kandege kowalako ndi mulu wa zitsulo uja. Mzungu anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso.

"Wachita izi ndani?" anafunsa mayi uja.

Ndinasendera kutsogolo. "Ndine, amayi, ngakhale anzanga anandithandizako. Mutikhululukire kumchirako, tinalibe makwerero."

Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anandifotokozera mofatsa ngati akulankhula ndi mwana. Anati ndege ikagwa, lamulo la mayiko onse ndi lakuti pasakhudzidwe kanthu. Dziko limene yagwera limatsogolera kufufuza, a kumene inalembetsedwa ndi a kumene inapangidwa amabwera kudzathandiza. Chitsulo chilichonse, pamene chagwera, chimanena nkhani. Ngalande zimene tinakwirira zikanawauza mmene inaterera.

"Ife sitifuna womuimba mlandu, timafuna chifukwa, kuti ina isadzagwe," anatero. "Koma mnyamata uja akuti anagunda mbalame, eni ndege akuti anangolephera kuyendetsa. Umboni wake unali pamphunopo."

Ndinakumbukira nkhope ya mwana wa eni ake uja, akubuula pamachira. Ntchito yake yonse ndinali nditaitsuka ndi sopo wanga.

"Nthengazo sindinatenthe," ndinanong'ona. "Zili kudzenje."

Ndiye taganizani. Mudzi wonse uli kumpanda, ine ndili m'dzenje la zinyalala ndi chitenje changa chatsopano, ndikufukula mamba a nsomba ndi phulusa. (Anzanga oimba aja panthawiyi palibe anaoneka, aliyense anali ndi mwana wodwala.) Chilichonse chooneka ngati nthenga ndinkapereka pamwamba, mzungu n'kulandira ndi kachitsulo kopanira. Ananyamula ina yofiirira, kuiyang'ana padzuwa nthawi yaitali, n'kufunsa kudzera mwa mayi uja kuti ndi mbalame yanji.

"Muwauze kuti imeneyo sinaulukepo chibadwire," ndinatero ine. "Ndi tambala. Ali mumphika, akuwadikira."

Bambo wa ku Mozambique, amene Chichewa ankachimva bwino, anaseka mpaka kukhala pansi.

Pansi pa nthenga za tambala ndi pamene panatuluka zina zazitali, zoyera ndi zakuda, pamodzi ndi mwendo wa zikhadabo zopindika. Che Saidi anafuula kuti, "Nkhwazi imeneyo!" Alendo anaziika m'timatumba mosamala ngati golide. Masana onse ndinayenda nawo m'dambomo, ndikuika mwala pamene ndinkakumbukira kuti panali chitsulo chakutichakuti, ndipo pena ndinkavomera kuti ndaiwala. Tambala uja alendo anamudya ndithu, mzungu mpaka anawonjezera.

Patapita miyezi tinamva kuti lipoti linatsimikiza za nkhwaziyo, ndipo mnyamata uja atachira anabwerera pantchito. Ndinapuma.

Mukafunsa ngati ndinatolapo phunziro, ndinganene kuti amene anaphunzira kwambiri ndi amuna anga. Masiku ano akadya mtedza n'kumwaza makoko pakhonde, ndikangoyandikira ndi tsache amakweza dzanja.

"Musakhudze, amayi. Ofufuza sanafike."

Ndimawayankha kuti dziko limene ngozi yagwera ndi limene limatsogolera, ndipo khondeli ndi langa. Akweze miyendo.