Khoswe wa pabalaza pa a Chimwaza

Mwambi uwu unayamba motere, ndipo inu a kumbuyoko mutseke pakamwa chifukwa sindibwereza ayi.

Ku Mponela kunali bambo wina, a Chimwaza, munthu wabwino mtima koma wa maso adyera. Tsiku limene ankakwatira Nangozo, apongozi awo, mayi wodziwa kuumba mbiya, anapereka mkhate waukulu wofiirira, wa mizere yoyera m'khosi mwake. Popereka anati, "Mkhate uwu ndaumba ndi manja angawa. Tsiku limene udzasweke, ndidzabwera kudzatenga mwana wanga." Anthu anaseka, koma mayiwo sanaseke nawo.

Nangozo anali ndi luso lokonza m'nyumba. Mkhate uja anauika pabalaza, pa kampando ka mlombwa, moyang'anana ndi chitseko. Khoma analipaka laimu, makatani anasoka ofiirira ngati mkhate womwewo, mipando iwiri uku, iwiri uko, pakati n'kusiya njira. Basi.

"Koma mayi, m'nyumba muli mbee ngati tikusamuka!" anadandaula a Chimwaza.

"Bambo, diso likalowa m'nyumba limafuna pokhala pamodzi, ngati mlendo," anayankha Nangozo. "Mukalilozera malo ambirimbiri limangoima pakhomo. Mitundu ikachuluka imakangana. Ndipo zenera musamalitchinge, kuwala nakonso kumakongoletsa."

A Chimwaza anangoti, "Ehe," koma mtima wawo unali kale kumsika.

Tsiku la msika likafika sankabwera chimanjamanja. Lero maluwa a pulasitiki achikasu, mawa kambuku wadongo, mkuja wotchi yonyezimira koma yosayenda. Kabati ya magalasi anaiimika pazenera penipeni, m'nyumba n'kuchita mdima masanasana. Makalendala akalekale anawamata khoma lonse. Tebulo la galasi analiika pakati pa njira, moti kuti ukafike kuchipinda umayenda cham'mbali ngati nkhanu. Ine ndinalowamo kamodzi, ana inu, ndinatuluka mutu ukuwawa, msongolo utatupa. Nanga mkhate uja? Unabisika kuseri kwa maluwa, osaonekanso.

Tsono pamene pali mdima ndi mobisala mwambiri, alendo ena sadikira kuitanidwa. Munalowa khoswe, chikhoswe chonenepa bwino, n'kukhazikika.

Kenako unabwera uthenga woti apongozi akubwera Loweruka kudzaona banja. M'mawa wa tsikulo Nangozo anapita kusiteji kukawachingamira. A Chimwaza anatsala akupukuta fumbi, ndipo anangoona mchira ukulowa pansi pa kabati.

"Iwe! M'nyumba mwanga, lero lomwe lino?"

Anathamangira mpini wa khasu. Khoswe uyo pa tebulo la galasi, mpini phwaa! Tebulo latha. Khoswe uyo pamsana pa kambuku, mpini go! Mutu wa kambuku kwina, miyendo kwina. Khoswe anakwera khoma, mpini unang'amba makalendala, wotchi n'kugwa chafufumimba. Khoswe analowa kuseri kwa kabati, a Chimwaza anakankha ndi mkwiyo wonse, kabati khuu pansi, dzuwa n'kulowa pazenera. Atapukuta thukuta m'maso, anamuona mdani wawo uja atakhala pamlomo pa mkhate, akupesa ndevu zake.

Anakweza mpini. Dzanja lili m'mwamba choncho, mawu a apongozi aja anawabwerera. Anatsitsa mpini pang'onopang'ono.

"Choka apo!" anakalipa. Khoswe anangowayang'ana.

"Achimwene," anayesa kunyengerera, "tatsikani tikambirane ngati akuluakulu."

Khoswe, kaya kunali kutopa kaya kuchenjera, anangoti phee.

Nthawi inali itawathera. Anasesa magalasi msangamsanga, zoswekazo n'kukaunjika kuseri kwa bafa, makalendala ong'ambika n'kumatula, maluwa othyoka n'kutaya kudzala. Pabalaza panatsala mipando inayi, khoma loyera, zenera, mkhate, ndi khoswe pamwamba pake.

"Odi kuno!"

Apongozi analowa, Nangozo ali pambuyo atasenza katundu. Nangozo anayang'ana uku ndi uku, kukamwa yasa, koma chimwemwe chikuoneka pankhope. A Chimwaza ananjuta pakona mwaulemu ngati mkamwini wolangidwa bwino, mpini ataubisa kumbuyo.

"Koma mwana wanga, m'nyumba muno mukupita mphepo!" anatero apongozi. "Ukangolowa, diso likukagwera pa mkhate wanga. Kukonza kwake n'kumeneku!" Anasendera pafupi, paja maso awo anali atayamba kuchita nkhungu. "Nanga kakhoswe aka anakuumbirani ndani? Luso ilitu! Ndevu ngati zenizeni."

Anatambasula dzanja kuti akasisite. Khoswe anadumphira pa duku lawo, n'kutsetsereka pamsana, n'kutuluka pa njira yabwino ija ya Nangozo, osapunthwa paliponse.

"Mayo ine!" anakuwa mayi aja, n'kukhala pansi osafuna.

Mtima utakhala m'malo, anatembenukira kwa mwana wawo, paja mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. "Tawafunsa amuna akowo. Mpini ndikuuona kumbuyoko. Nanga chilombochi amachisungiranji?"

A Chimwaza anayankha maso ali pansi. "Mayi, auzeni amayi kuti kabati yapita, tebulo lapita, kambuku wapita. Zonsezo kumsika ziliko. Koma Nangozo kumsika kulibe."

Apongozi anaseka mpaka misozi, akusisita mkhate wawo wopanda ndi mng'alu womwe. Nangozo naye anabisa nkhope m'chitenje.

"Ndiye bambo," anafunsa Nangozo akuseka, "nthawi yonseyi mumangopenyetsetsana naye?"

"Nanga ndikanatani, mayi?" anatero a Chimwaza. "Khoswe akakhala pamkhate sapheka."