Tsiku Lomwe Galimoto Yanga Inapepuka

Nkhani iyi ndikaikumbuka ndimalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Anthu ena pa Ntcheu pano akuifotokoza kale m'mabawo, koma amathira mchere wambiri, ndiye bola muimve kwa mwiniwake wa manyaziwo.

Ine ndimakonza mafoni pa boma. Vuto la ntchito imeneyi ndi lakuti intaneti umayamba kuikhulupirira kuposa abusa. Tsiku lina ndikuseweretsa foni ndinaona galimoto yakalekale ikugulitsidwa ku Limbe. Yobiriwira, yaitali, mabampala ake waliwali. Pansi pa chithunzi analemba kuti "classic". Mawu amenewo ndi amene anandipha.

Sindinapite n'kukaiona komwe. Ndinangoonera kavidiyo ka injini ikulira, mtima dyokodyoko, basi ndagula.

Inafika itakwezedwa pa lole. Galimoto kubwera itaberekedwa ndi inzake, munthu wanzeru akanadzidzimuka pomwepo. Mkazi wanga Esinati anaizungulira, manja ali m'chiuno.

"Ndiye chimenechi n'chiyani?"

"Classic imeneyo, mayi! Azungu amachita kulimbirana."

"Nanga bwanji iyiyi sanailimbirane?"

Kuyenda inkayenda ndithu. Koma kumwa kwake! Kuchoka kunyumba kukafika pamsika, muvi wa mafuta unkatsika ndikuuona ndi maso angawa. Inalinso nyengo ija mafuta ankasowa, anthu akuswera pamzere ndi zigubu.

Ndinabwerera kwa aphunzitsi anga a pa intaneti. Iwo anati mdani wa petulo ndi kulemera. Ndinapita nayo kwa a Jafali, makaniko wa kuseri kwa depoti, munthu amene chibadwire sananenepo kuti "izi sizingatheke". Tinachotsa mpando wakumbuyo. Tinachotsa tayala lapadera, kapeti, ndi mabampala aja ndinaigulira. Chibatire chake cholemera tinasinthanitsa ndi kakang'ono. A Jafali anapotokolanso tina ndi tina mu injini.

"Bwana, upgrade yatha," anatero akupukuta m'manja. "Pano petulo izingomununkhiza basi."

Tsono kunali chinkhoswe cha mlamu wanga, mchimwene wake wa Esinati, amene anapeza mbeta ku Bwanje. Apongozi anga aakazi, aNangozo, amakhala ku Biriwiri. Pa zochitika zonse amene ankawanyamula anali mkamwini mnzanga, a Zakeyu, mwini pikiapu, ndipo dzina lawo silinkachoka pakamwa pa apongozi. Ine zaka zonsezi ndinali "uja wa mafoni uja". Zinkandiwawa, ndisaname. Ulendo uno ndinalumbira kuti aNangozo afika pachinkhoswe ndi galimoto yanga, anthu aone kuti mwana wawo winayu sanakwatiwe ndi chitsa.

Esinati anatsogola dzulo lake kukathandiza zophika. Ponyamuka anandiloza chala.

"Mayi a mnyamata akapanda kufika, mwambo suyamba. Musandichititse manyazi."

Pali chinthu chimodzi choti mudziwe. Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, sakhalirana pafupi, sayankhulana maso ndi maso. Ambiri masiku ano anazitaya zimenezi, koma aNangozo ayi. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Chikwatirire mwana wawo, mawu anga onse ankadzera mwa Esinati.

Ndiye kukhala kutsogolo pafupi ndi ine kunali kosatheka. Mpando wakumbuyo nawo unali kwa a Jafali, nkhuku zikuikirapo mazira. Ndinatenga kampando kakukhitchini n'kukaika kumbuyo kwenikweni kwa mpando wanga. Galasi loonera kumbuyo ndinalipotolera kudenga kuti maso athu asakumane mwangozi.

Nditafika ku Biriwiri ndinanjuta chapatali, n'kuuza mtengo wa pichesi:

"Galimoto yafika."

Apongozi anayankha nkhuku imene inkadutsa:

"Taiona."

Analowa, tinanyamuka. Tinadutsa pa boma, tinakhotera msewu wopita kuchigwa, zonse zili myaa. Koma pa chitunda chomaliza, tisanayambe kutsetsereka, classic inayamba kutsokomola. Kenaka zii. Ndinapotokola kiyi, kabatire kaja kanangoti tche, tche, basi.

Thukuta kamukamu. Mwamwayi kunkadutsa azibambo ena ochokera kudimba, makasu ali paphewa.

"Abale anga, tandikankhaniko!"

Anaika makasu pansi. Kumbuyoko kunamveka zitseko kugwedera ndi zitsulo kulira, koma galimoto imeneyo inkalira paliponse ukangoikhudza, ndiye sindinasamale. Maso anga anali kutsogolo, monga mkamwini woleredwa bwino.

"Wani, thuu, tiyeni!"

Inasuntha, inasuntha, kenaka phuu! Chiutsi chakuda kumbuyo, injini yadzuka. Aliyense amene anayendetsapo galimoto yokankha amalidziwa lamulo lake: ikalira, suima. Ndinaponda moto.

Pa galasi lam'mbali ndinaona azibambo aja akundithamangira mkati mwa utsi, manja m'mwamba, akukuwa. Ndinati anthu a masiku ano, kukankha pang'ono pomwepa akufuna kale ya drink! Ndinatulutsa mkono pawindo.

"Ambuye akudalitseni!"

Ndinawaimbiranso hutala.

Abale, kuyambira pamenepo galimoto inasintha. Inamaliza chitunda chija ngati mwana wa mbuzi. Chiwongolero chinapepuka, kumbuyo kunasiya kukhula pansi. Chimwemwe chinandikwera mpaka ndinaimbira a Jafali ndikuyendetsa.

"A Jafali! Upgrade ija yagwira tsopano! Ikuuluka ngati mulibe munthu!"

Nditadula foni ndinazindikira kuti ndayankhula mopanda ulemu. Ndinauza chiwongolero mofatsa:

"Pepani, ndi mayankhulidwe chabe."

Kumbuyo kunali zii. Ndinati mayi ameneyu ndi Mngoni weniweni, mwambo amausunga ngati dzira.

Titayamba kutsikira kuchigwa kunayamba kutentha. Ndinatenga botolo la chakumwa chozizira n'kulipereka chakumbuyo, osacheuka, dzanja lina litagwira chiwongolero. Palibe analandira. Ndinadzidzudzula ndekha. Iwe, apongozi angamwe pamaso pa mkamwini? Botololo ndinangolisiya pansi kumbuyoko.

Potsetsereka ndinazimitsa injini kuti ndipulumutse petulo, monga anandiphunzitsira a pa intaneti. Galimoto inkangoti fiii. Mwadzidzidzi dzenje! Tinadumpha, ndipo kumbuyo kunamveka gubudu, kampando kaja kagwa. Ndinadikira kulira, ngakhale ka "mayo" kamodzi. Osamveka kanthu.

"Pepani kwambiri," ndinauza galasi lakutsogolo. "Misewu yathuyi."

Zii.

Misozi inalengeza m'maso. Munthu wamkulu kugwa pansi osadandaula, kuopa kumuchititsa manyazi mkamwini! Ndinalonjeza mumtima kuti ndikawagulira chitenje chapamwamba. Kucheuka ndiye sindikanayerekeza. Apongozi atagwa chagada, iwe n'kumawayang'ana? Ndinangolowetsa giya, injini n'kudzukanso, ulendo n'kumapitirira.

Tinalowa mu Bwanje dzuwa likuswa mtengo, minda ya mpunga mbali zonse, anthu a panjinga akupatuka kundipatsa njira. Ndinayambira patali kuimba hutala. Pakhomo pa chinkhoswe anthu anali atadzaza, atatopa n'kudikira. Mnyamata wa zokuzira mawu anakuwa:

"Amayi a mkwati afika! Ndipo afika ndi galimoto ya mbiri!"

Nthungululu! Azimayi anathamanga n'kuyala zitenje pansi kuchokera pagalimoto mpaka pa mpando waulemu. A Zakeyu anali ataima pafupi ndi pikiapu yawo, ndipo ndinaonetsetsa kuti ndaima pomwe angandione bwino.

Ndinatsika, ndinakonza jekete. Ndinatsegula chitseko chakumbuyo nkhope nditalozetsa kumbali, n'kugwada bondo limodzi, maso pansi.

Nthungululu zija zinayamba kuchepa. Zinatsala za mayi mmodzi, nayenso anazimeza.

Ndinamva mawu a Esinati pamwamba panga.

"Amayi ali kuti?"

"Ali m'katimo. Apatseni mpata, anagwa pang'ono."

"Bambo a Tadala. Amayi anga ali kuti?"

Ndinacheuka koyamba chichokere ku Biriwiri. Munali kampando, miyendo m'mwamba. Munali kachikwama kawo, foni ili momwemo. Munalinso botolo lija. Apongozi munalibe.

Ndinasuzumira pansi pa mpando wanga. Sindikudziwa kuti ndinkayembekeza kupezapo chiyani.

"Mwawagwetsa?" anakuwa mlamu wanga, mkwatiyo, tayi ili pambali.

"Ayi! Chitseko chinali chotseka!"

"Nanga mwawasiya kuti?"

Pamenepo m'pamene azibambo othamanga aja anandibwerera m'mutu, manja awo ali m'mwamba.

Ndinalumphira m'galimoto kuti ndibwerere. Tche, tche. Ndinayang'ana khamu lija kuti mwina wina andikankha, koma nkhope zimene ndinaziona sizinali zokankha galimoto. A Zakeyu anangotulutsa makiyi m'thumba pang'onopang'ono, kuwaliza ngati belu la kutchalitchi, n'kulowa mu pikiapu.

Nthawi imene tinadikira ija sindidzaiiwala. Nyama inazizira, oimba anakhala pansi, akuchikazi ankanong'onezana akundiloza ndi milomo. Ine ndinakhala pansi pa mtengo wa bwemba ndekhandekha ngati wakuba mbuzi.

Pikiapu inabwera. ANangozo anatsika, bulauzi yawo yoyera ija ili bii ndi mwaye kuyambira pachifuwa mpaka m'mapewa, nsapato zili m'manja. Nkhani inadziwika pomwepo. Galimoto itazima pachitunda paja, anandimvera chisoni mwana wa eni. Anatsika mwakachetechete kuti ipepuke, n'kupita kumbuyo kukathandiza kukankha. Malo amene anapeza anali pa paipi ya utsi penipeni.

Sanakalipe. Anayenda pa zitenje zija mwaulemu wonse, anakhala pampando wawo, n'kukodola Esinati. Wa zokuzira mawu uja, posadziwa chochita, anali ataima pomwepo maikolofoni ili yoyatsa, ndiye Bwanje yense anamva.

"Esinati, mwana wanga, tawafunsa bambo a kunyumba kwakowo. Pobwerera tinyamuka nthawi yanji? Ndifuna ndivuliretu nsapato."

Ulemu ndi wabwino, abale anga, koma khosi analipanga kuti nthawi zina lizicheuka.