Wayifayi ya mu Mtengo wa Mango

Cholinga changa chinali chabwino ndithu, anzanga, ndimangofuna kuti apongozi aone mdzukulu wawo.

Alamu anga Che Yusufu, mchimwene wa akazi anga, pobwerera ku Joni anandisiyira rauta, kabokosi kaja kofalitsa wayifayi m'nyumba. Kanali kokalamba, kachikasu ngati dzino la munthu wa fodya, kali ndi tinyanga tiwiri, kunsi kwake atalemba 802.11b. Eni akewo anandichenjeza kuti, "Alamu, akaka n'ka nthawi imene wayifayi inkangoyamba kulowa m'makomo. Kamayenda ngati nkhono, khoma sikapyola bwino, za vidiyo musakayese." Koma ine m'khutu munangolowa liwu loti wayifayi basi. Ndinakalumikiza ku kamodemu ka simukhadi, timauthenga tinkapita, ndipo Lachisanu potuluka mu mzikiti ndinkaonetsetsa kuti kwa Mponda konse amva.

Ndiye mkazi wa alamuwo anabereka mwana wamwamuna ku Joni konko. Ine wosafunsa munthu, ndinatumiza mawu ku Makanjira kuti apongozi aakazi abwere adzamuone pa vidiyo, kuno zonse zilipo. Mayi wachikulire anakwera lole, msewu uja mukuudziwa, n'kufika fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze.

M'mawa mwake tinayala mkeka pakhonde chifukwa m'nyumba munali ng'anjo. Ine nditavala mkanjo woyera, ndinaimbira alamu aja pa foni ya akazi anga. Che Yusufu anaonekadi, anayamba "Asalaam...", pomwepo nkhope inauma, kukamwa kuli yasa, diso limodzi lotsinzina.

Apongozi anayang'ana, anayang'ananso, kenaka manja kumutu. "Mwana wanga wafa ziwalo. Bwanji simunandiuze?"

Ndinayesa kufotokoza kuti chauma n'chithunzi chabe, koma ndani akanandimva? Kulira kuja kunaitana aneba, ena anabwera atafunda kale nsalu kumutu, akufunsa kuti maliro ngayani.

Apa munthu wanzeru akanangovomereza kuti zakanika. Ine ndinati vuto ndi khoma, kabokosi kakufunika pamwamba, poti milongoti ya mafoni nayonso siikhala pansi. Ndinabwereka zingwe zamagetsi kwa anebawo, kulumikizalumikiza mpaka panja, rauta ndi kamodemu m'jumbo, mkanjo kukwinyira m'chiuno, ine uyo mu mtengo wa mango. Bambo wa ana anayi, mimba ili patsogolo, apongozi akuona.

Nditafika pa mphanda ndinakweza rauta m'mwamba ndi dzanja limodzi.

"Amayi a Shakira, zikugwira?"

Panapita kanthawi. Kenaka ndinamva kakhanda kakulira pa foni, apongozi akuseka, azimayi nthungululu.

"Zikugwira bwino, bambo a Shakira," anatero akazi anga.

Mtima wanga unakula ngati dzungu. Ndinati apa osagwedezeka, ndikangosuntha chithunzi chiumanso. Dzanja linachita dzanzi, thukuta kulowa m'maso, koma ine nji. Pansi nkhani sizikutha, dzina la mwana, mbuzi ya mwana, mvula ya ku Makanjira, mtengo wa usipa. Mwadziwa kuti amayi ndi mwana wawo akayamba kucheza saona dzuwa?

Ndipamene eni mtengo anatulukira, nyerere zofiira zija zimamanga masamba. Chisa chawo ndinali nditachitsamira ndi msana. Zinayamba m'khosi, n'kutsikira kumene sindingatchule pagulu. Ndinapirira, ndinaluma mlomo, ndinapemphera chamumtima, mpaka imodzi inaluma pamalo oti chipiriro chinathera pomwepo. Rauta uko, ine kuserereka ndi thunthu, mkanjo unakodwa pa nthambi n'kutsala m'mwamba ukupepezeka. Ndinafika pansi ndili ndi kabudula wamkati yekha, ndikudziomba thupi lonse ngati ndikuvina beni, pamaso pa apongozi amene chikwatirireni sindinadyepo nawo mbale imodzi.

Iwo anafunda mpango kumaso, koma mapewa ankagwedezeka.

Pofuna kubisa manyazi ndinatola rauta ija, ndipo ndinaona chingwe chili lende, chosalumikizika kulikonse.

"Chazuka liti chimenechi?"

"Mutangoponda nthambi yoyamba," anatero akazi anga. "Ine ndangoyatsa bandulo yanga."

"Nanga bwanji mumati zikugwira?"

"Zimagwiradi. Inu simunafunse kuti chikugwira n'chiyani."

Ndisanayankhe, foni ili m'manja mwawo inayankhula, mawu omveka bwino, chithunzi chosauma ngakhale pang'ono. Anali ataitembenuzira kwa ine kalekale.

"Alamu," anatero Che Yusufu, kumbuyo kwawo anyamata a ku Mangochi atadzaza chipinda, ena akugubuduka pansi, "anzangawa akuti anachedwa poyambirira. Mungakwerenso?"

Lero rauta ija ikutsekera chitseko cha khola la nkhuku kuti chisamatseguke ndi mphepo, ndipo ntchito imeneyo ikuigwira mosadukiza. Ine ndinalumbira kuti ngakhale mango apse chotani, ndizidikira agwe okha.