Chinkhoswe cha kompyuta ya a Dyton Maluwa

Kuchokera pamsika wa Lirangwe mpaka kukafika ku Mdeka, palibe amene sadziwa kuti malemu a Dyton Maluwa, ojambula zithunzi ndi mavidiyo a maukwati aja, sankagula chida cha kompyuta asanachifunsire mbeta. Anzathu ena amangolowa mushopu, kuloza, n'kunyamula. Osati a Dyton. Iwo ankayamba afufuza kwawo kwa chidacho, abale ake, khalidwe lake kukatentha, ndiponso ngati chinakwatiwapo kale.

Matendawa anayamba chaka chimene anagula kamera yatsopano. Ntchito yake yoyamba inali ukwati wa Salome, mwana wa a Potiphar ndi a Sikina a ku Chigaru. Anajambula tsiku lonse, koma atafika kunyumba anapeza kuti vidiyoyo yalemera kwambiri. Kalaputopu kawo kakale kakangoyesa kuitsegula kankayamba wefuwefu ngati munthu wokwera Michiru atasenza thumba la chimanga, kenako n'kukomoka. Kawiri konse a Getrude, akazi awo, anachita kukakupizira mphepo ndi lichero.

"Basi," anatero a Dyton. "Ndimanga yanga. Chida chimodzichimodzi, chosankha ndekha."

Anakwera minibasi mpaka ku Limbe, kushopu ya mkulu wina dzina lake Steve, kukayamba ndi mathabodi, chibolodi chija chimene zida zonse zimalumikizidwapo.

"Iyi ndi yabwino, madala," anatero Steve.

"Kwawo n'kuti?"

"Ndani?"

"Imeneyi. Mathabodi ndiye mwini mudzi, achimwene. Zinazi ndi akamwini, zimangobwera kudzakhala. Mukalakwitsa mudzi, mkamwini wabwino muzimuika pati? Ili ndi malo angati a ramu, tizida tija tothandiza kompyuta kukumbukira?"

"Awiri."

"Awiri! Nanga banja likakula? Nditulutsireni ya anayi."

Anaitembenuza, kuinunkhiza, kuiyang'ana padzuwa. Anabwerera maulendo asanu ndi awiri asanavomere, mpaka Steve akangowaona akuwoloka msewu ankabisala kuseri kwa makatoni. Tsiku loitenga, mathabodi inakhala mpando wakutsogolo m'minibasi, eni ake atapanikizika kumbuyo pakati pa dengu la tomato ndi mbuzi.

Pa pulosesa, ubongo wa kompyuta, ndiye panavuta. Yoyamba anaikana ati ndi yaulesi, ingamalize vidiyo ya ukwati anthuwo atasudzulana kale. Yachiwiri inali yamphamvu koma mano ake sankalowa pamalo pake pa mathabodi, ndipo a Dyton anati ukwati wokakamiza iwo sadalitsa. Yachitatu inakwanira bwinobwino, koma Steve anawachenjeza kuti imatentha msanga.

"Ndi yaukali eti? Palibe kanthu. Ndakhala ndi a Getu zaka makumi awiri."

Poopa kutentha kwa ku Lirangwe, kuja kowotcha dzira likadali m'mimba mwa nkhuku, anagula mafani asanu ndi anayi. Tsiku limene anawayesa, zovala za anthu oyandikana nawo zinauma asanazifinye, amayi anabwera ndi chimanga kudzapetera pakhomo pa situdiyo, ndipo alipo amene amalumbira mpaka lero kuti ku Chileka anthu anatuluka m'nyumba n'kumayang'ana kumwamba, kudabwa kuti ndege yatera mbali yolakwika.

Posankha sikirini anatenga a Getrude. Anawajambula, n'kuonetsa chithunzicho pa masikirini onse a mushopu, mwini wake ataima pambali kuti afananitse.

"Iyi yakudetsani ngati mwagona m'ng'anjo ya makala. Iyi yakuyeretsani ngati mumadzola zija."

"Tengani imeneyo, bambo," anatero a Getrude.

"Ndi yabodza."

"Bodza lake ndi labwino."

Anatenga ina, yoonetsa munthu mmene alili, ndi chipsera chomwe. A Getrude sanawalankhule mpaka pa Lunzu.

Zonsezi zinadya zaka zitatu. Salome anabereka mwana, n'kuberekanso wina. Akakumana nawo pamsika ankangoti, "Ankolo, vidiyo ija mudzaonetsa pa ukwati wa mdzukulu wanga?" Ndipo a Dyton ankayankha kuti kwatsala chida chimodzi chokha: girafikisi kadi, imene imasenza mtolo wa zithunzi ndi mavidiyo. Imene mtima wawo unakonda inali ku Joni, ndipo mwezi uliwonse inkakhala kuti ili m'njira. Steve anali nayo ina, yamphamvu ndithu, koma inagwirapo ntchito m'makompyuta awiri ku Ndirande.

"Yakwatiwapo kawiri imeneyo," anatero a Dyton. "M'nyumba mwanga ayi."

M'chaka chachitatucho a Potiphar anamwalira. Itatha miyezi ingapo, a Sikina anafika pa situdiyo masana ena, akuyenda pang'onopang'ono, dzanja likupapasa khoma. Anakana mpando, n'kukhala pakhonde.

"A Maluwa, sindinabwere kudzakangana."

"Amake Salome, kadi ija ili pa Mwanza pompa, mwezi wamawa..."

"Tamverani kaye. Shuga wandilowa m'maso. Lamanzereli linatseka kale. Lamanjali likuona ngati m'mawa wa chifunga, ndipo kuchipatala andiuza kuti ndisayembekeze zambiri. Amuna anga aja sanavinepo moyo wawo wonse. Ngakhale kutchalitchi ankangogwedeza chala. Koma pa ukwati wa Salome anavina, ine ndili kuseri kutanganidwa ndi mapoto, ndinangomva anthu akukuwa. Aliyense anaona kupatula ine. Ndiye ndimati ndifunse: mwezi wamawa wanuwo ndi diso langali, chiyambe kufika n'chiyani?"

A Dyton, munthu amene ankatha kutsutsana ndi wailesi mpaka wailesiyo kupepesa, anangowagwira mkono n'kuwaperekeza kumsewu. A Sikina atapita, analowa m'nyumba n'kuyamba kung'ung'udza kuti vuto ndi loti kadi ya Steve ija mbiri yake siidziwika.

A Getrude anaika pansi nsalu imene ankasoka.

"Bambo, inu munandipeza ine nditakwatiwapo kale, ndili ndi mwana kumsana. Munakafufuza kwa ndani? Ndakuzimirani kangati?"

M'mawa mwake Steve anadabwa kupeza a Dyton atakhala pakhomo pa shopu asanatsegule.

"Ndipatseni mayi uja."

Koma musaganize kuti mwambo anausiya. Loweruka anaitanitsa a Sikina kuti akhale nkhoswe ya kadiyo, poti ndi iwo anachititsa ukwatiwo, a Getrude nkhoswe ya mathabodi, mwini mudzi uja. Tambala anafa. A Dyton anavala jekete, kutentha konse kuja, n'kuimirira kulangiza zidazo kuti zipirirane, magetsi akathima zisanyozane, ndipo fumbi likalowa zisathamangire kuuza anthu akunja. Kenako anailowetsa kadiyo pamalo pake, inalira kuti "tha", a Getrude n'kululutira.

Anadina batani. Mafani anabangula, kalendala inachoka pakhoma, sikirini inayaka. Vidiyo imene inakomola laputopu kwa zaka zitatu inatseguka ngati chitseko chodzozedwa mafuta.

Anaikonza masiku anayi, ndipo tsiku lachisanulo anthu anadzaza situdiyo mpaka pawindo. A Sikina anawakhazika kutsogolo, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi, dzanja litaphimba diso lakufa lija. Ndipo a Potiphar anatulukira pa sikirini, suti yabulawuni, tayi itapita paphewa. Abale inu, kumene kuja sikunali kuvina. Kunali ngati munthu amene linthumbu lamulowa m'thalauza koma akufuna kusunga ulemu. Mwendo wina unkapita ku Zalewa, wina ku Blantyre.

A Sikina anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndi zimenezi anthu ankakuwira? Mxii! Bambo amenewa! Tabwezerani."

A Dyton anabwezera.

"Chepetsani liwiro. Ndione nkhopeyo."

Anachepetsa, n'kuikulitsa mpaka inadzaza sikirini yonse, thukuta lililonse likuoneka, ndi mpata wa dzino lomwe linachoka. Apa a Sikina sanasekenso. Anangoika zala pagalasipo. A Dyton, amene ankatha kukuthamangitsa ndi tsache ukangoloza sikirini yawo, anayang'ana kudenga n'kumanamizira mafani kuti awaponyera fumbi m'maso. Tsiku limenelo anabwezera kakhumi ndi kasanu. Diso lotsala lija linatseka mvula isanagwe.

A Dyton anatisiya chaka chathachi, atangodwala sabata imodzi. Pokonza za maliro tinafuna chithunzi chawo choti tiike pabokosi. Tinatsegula kompyuta ija, tinapeza Lirangwe yense ali mmenemo: akwati, makanda, makwaya, ngakhale mbuzi za anthu. Iwo munalibe. Tinachita kukulitsa kachithunzi ka pa chitupa, kamene akuoneka ngati munthu wogwidwa ndi nkhuku yakuba.

Masiku ano pamsika pali zii. Maukwati akujambulidwa pafoni, madzulo omwewo aliyense waona kale, mawa lake waiwala. Palibenso woti n'kumuseka kuti vidiyo ituluka liti. Kompyuta ija a Getrude anakana kuigulitsa, anaisamutsira pabalaza n'kuifunditsa nsalu. Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, a Sikina amabwera atagwira mkono wa Salome, ndipo amayi awiriwo amaiyatsa. A Sikina saonanso kanthu, amangotchera khutu. Pakati pa nyimbo ndi nthungululu pamamveka mawu a munthu amene ali kuseri kwa kamera, akukalipa: "A Potiphar, bwererani kuno! Mukutuluka m'chithunzi! Vinirani pomwepo!"

Akafika pamenepo, amene amati "tabwezerani" amakhala a Getrude.